Envelopu ya Olive

Layton Kachingwe ndi munthu wa dothi. Zaka khumi ndi ziwiri wakhala akusamala maluwa panyumba ina ya ku Constantia, kuno m'dziko la eni, ndipo mutamufunsa nthawi yodulira mitengo ya mandimu angakuuzeni osayang'ana kalendala. Koma mukadamupatsa sipanala chaka chathachi, akadaigwira ngati khasu. Za zitsulo zinali za achimwene ake, a Bizwick, makaniko wa malole ku Epping, kufupi ndi msika waukulu wa zamasamba. Awiriwa ankagona chipinda chimodzi m'nyumba ina ya ku Parklands imene Amalawi asanu ndi atatu amachita lendi limodzi. Ankagawana chilichonse, sopo ndi chimfine chomwe, kupatula ntchito.

A Bizwick anagwa pantchito Lachiwiri lina m'mwezi wa Juni, mvula ya kuno ikuwomba cham'mbali monga imachitira. Pofika nawo kuchipatala anali atatisiya kale. Mtembo unanyamuka pa kangolo kokokedwa ndi minibasi, ulendo wa masiku anayi mpaka ku Nsipe, ku Ntcheu. Layton sanakwere nawo. Masiku a pasipoti yake anali atatha kalekale, ndipo akadangotuluka pa chipata cha malire cha Beitbridge akadamudinda chidindo choti asabwerenso. Anaima pamsewu n'kuona kangolo kaja kakukhota pa maloboti. M'mawa mwake anakwera takisi kukasesa masamba.

Amayi awo sanatukwane. Akadatukwana bwenzi zili bwino, chifukwa mawu otukwana amapola. Anangouza Phyllis, mlongo wake wa Layton, kuti, "Munthu amene sanaponye dothi pa bokosi la mkulu wake, ndikambirana naye chiyani?" Phyllis ndi munthu wabwino, koma mawu sagona m'kamwa mwake. Anawatumiza pa foni monga momwe anatulukira, osachotsako ndi minga yomwe. Kuyambira tsiku limenelo Layton sanaimbenso kumudzi. Ankatsegula nambala ya Phyllis, n'kuiyang'ana, n'kubweza foni m'thumba. Amayiwo anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zitatu, ndipo Layton ankadziwa bwino kuti munthu wa msinkhu umenewo sadikira kuti mwana wake ayambe wapeza mawu. Ankachita manyazi, ndipo ankachita mantha kuti manyaziwo adzatha mochedwa.

M'galaja ya nyumba ija munali chinthu chimene a Bizwick anasiya chili pakati.

Kanali kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri, kachijapani, kakale kuposa ana onse a m'nyumbamo. Kanali ka malemu amuna awo a dona amene Layton amawagwirira ntchito, ndipo kanakhala zaka zambiri pansi pa tenti, mbewa zikuberekerana m'mipando. Tsiku lina donayo anati achichotse chinthucho, sakufunanso kuchiona. A Bizwick atabwera n'kutsegula boneti anaseka ngati mwana amene watola mpira. "Layton, bwera udzaone! Ilibe mapisitoni!" Layton anabwera, anaona, ndipo sanaonepo chilichonse chosekera.

Injini ya mtundu umenewu ndi yachilendo ndithu. Mmalo mwa mapisitoni okwera ndi kutsika, muli zitsulo ziwiri za makona atatu, zonga samusa, zimene zimazungulira m'mabowo ooneka ngati chikoko cha mtedza wa maso awiri. Pa kona iliyonse ndi m'mbali mwake mumalowa tizitsulo topyapyala totseka mpweya kuti usathawe. Tikatha timeneto, injini imangokhala chitsulo cholemera basi. A Bizwick anali asanaigwirepo injini yotere chibadwire, ndipo n'chifukwa chake anaikonda. Anati adzaikonza, adzaiyendetsa mpaka ku Nsipe, ndipo adzawatenga amayi kupita nawo ku tchalitchi, ngakhale kuti polowa adzafunika kuwapinda ngati mpeni. Chaka chathunthu, Lamlungu lililonse akaweruka ku mapemphero, ankavala ovolosi n'kukhala m'galajamo. Anaimasula yonse, anaitsuka, anagula tizitsulo tatsopano, ndipo kalikonse anakapala ndi tupa kuti kakwane ndendende mumpata wake. Chinatsala n'kumanga basi.

Miyezi isanu Layton sanalowemo m'galajamo. Kenako mphepo ya kummwera ija inayamba, imene imagwetsa mabini ndi kuvula amayi mipango, ndipo Lamlungu lina masana anamva tupa ikulira. Kwee, kwee, kwee, kenako chete, ngati munthu waima kuti ayeze. Anatuluka thupi lonse lili zii. Anapeza kuti inali nthambi ya mtengo wa anzawo oyandikana nawo imene inkakhula pa malata. Anaidula, pakuti kudula nthambi ndi ntchito yake. Lamlungu lotsatira tupa inaliranso.

Ndiye anatsegula chitseko. Fungo la petulo ndi sopo wa makaniko linamulandira ngati mwini wake wangotuluka kupita kuseri. Ovolosi inali pa msomali, mawondo ake atatukuka momwe mwini wake ankagwadira, ndipo mphepo yolowa pansi pa chitseko inkaigwedeza miyendo. Pa chitseko chakale chimene anachigoneka pa migolo iwiri panali injini yonse, chiwalo ndi chiwalo, chilichonse pa nyuzipepala yake. Magalasi owerengera a Bizwick anali pamenepo, otsegula. Layton anakhala pa kireti mpaka dzuwa litapendeka. Potuluka anali atalumbira mumtima kuti aimanga injiniyo, ndipo tsiku limene idzalire adzaimba kumudzi, popeza adzakhala ndi choti anene. Munthu wamantha amadziwa kudziikira mtunda wautali kuti asafike msanga.

Anayamba kuphunzira pa foni. Pa takisi ya ku Constantia, m'mawa ndi madzulo, ankaonera azungu a kutali akumanga injini zonga yomweyo, n'kumabwereza malo amodzimodzi mpaka deta kutha. Anaphunzira kuti injiniyi imamangidwa posanjikiza, mbale pamwamba pa mbale, n'kumangidwa ndi mabawuti aatali. Anaphunzira kuti tizitsulo tija amatimata ndi mafuta odzola kuti tisagwe, ndipo makona amawamanga ndi malabala a ndalama mpaka atalowa m'malo mwake. Zala zake zozolowera mizu zinkathyola zinthu poyamba. Koma munthu amene amadziwa kuokera mbande ya phwetekere osaipweteka sakhala ndi manja oipa. Ankavala magalasi a achimwene ake, amene ankamukulira, ndipo nthawi zina ankadzimva akuimba mluzu nyimbo ya kwaya imene iye mwini sankaikonda.

Tsono apa mpofunika mudziwe khalidwe lina la a Bizwick. Sankakhulupirira manambala olemba. Ankati sikisi ukamutembenuza asanduka naini, ndipo munthu amene amasintha akatembenuzidwa si wosungitsa katundu. Akamasula injini ya mapisitoni anayi ankailemba mayina: Mateyu, Maliko, Luka, Yohane. Ku Epping konse ankadziwa zimenezi, moti ngakhale bwana wawo wachibunu ankafunsa kuti, "Luka is finished?" Pa injini iyi makona anali asanu ndi imodzi. Pa zitsulo zija anakhomapo timadontho ndi msomali, kadontho kamodzi pa kona yoyamba, tiwiri pa yachiwiri, mpaka kumapeto. Tizitsulo ta kona iliyonse anatiika mu envelopu yake, maenvelopu a chopereka amene ankatola ku tchalitchi. Pa envelopu iliyonse panali dzina, ndi chidindo cha chala chawo chachikulu cha girisi.

Layton anawayala pa chitseko paja. Bizwick. Phyllis. Jerome. Layton. Alinafe. Anaseka yekha, misozi ili m'maso, chifukwa anali ana a amayi ake monga anabadwira. Envelopu yotsala inalembedwa kuti Olive.

Kwawo kunalibe Olive. Layton anaganiza chimene mwamuna aliyense akadaganiza. "Achimwene inu," anatero akuyang'ana ovolosi ija, "mkulu wa mpingo wathunthu! Ndiye kuchedwa kuja kwa Loweruka kunali kumeneku?" Anafufuza mu foni ya malemu kuti mwina mayiyo sanamve n'komwe za maliro, koma munalibe dzina lotere. Anafunsa mochenjera amayi a kwaya, amene amadziwa ndi zimene munthu analota zomwe, koma onse anapukusa mitu. Basi anati ana a m'nyumba ndi asanu, wakunja akhale kumapeto. Anaika Olive pa kona yachisanu ndi chimodzi. Tizitsulo tina tinkalowa molimba, tina mogwedera pang'ono, koma iye akanadziwa bwanji mmene zimayenera kulowera? Safunsa anadya phula, ndipo Layton analidya mpaka kunyambita zala.

Kumanga kunamutengera masabata asanu ndi awiri. Anyamata a m'nyumbamo anamuthandiza kuikweza injini m'galimoto ndi tcheni, ndipo tsiku loiliza onse anaima pakhomo la galaja, mafoni m'manja. Anapotoza kiyi. Injini inazungulira, inatsokomola kamodzi, n'kusiya. Anapotozanso mpaka batire inatha. Anthu anabalalika mmodzimmodzi mwaulemu, monga amachokera pa siwa. Layton anatsala yekha ndi ovolosi ija, ndipo zinamuwawa kwambiri. Anaona ngati achimwene ake amukaniranso kachiwiri, iye amene anakana kuwaperekeza.

Lamlungu lotsatira kunabwera a Obert, amene ankagwira ntchito limodzi ndi a Bizwick ku Epping. Anabadwira ku Mufakose, ku Harare, koma agogo awo anali a ku Dedza, ndipo Chichewa chawo chimayenda ndi Chishona kumbuyo ngati mbuzi ndi mwana wake. Anamasula mapulagi, anaika chala pabowo, n'kuuza Layton kuti apotoze kiyi. Kutsogolo injini inapuma katatu mwamphamvu, fuu, fuu, fuu. Kumbuyo inangofwenthera.

"Front ili bho," anatero a Obert. "Kumbuyo uku kulibe compression, mpweya ukuthawa, mukoma. Tiitsitse."

Masabata asanu ndi awiri a Layton anamasulidwa masana amodzi. A Obert anatulutsa timalata tawo topyapyala toyezera mipata, tina topyapyala kuposa tsitsi, n'kuyamba kuyeza kona ndi kona. Ya Bizwick, ya Phyllis ndi ya Jerome zinali bwinobwino. Zitatu zotsalazo zonse zinali zolakwika. Anatenga tizitsulo ta Layton n'kutiyesa pa kona yachisanu, tinalowa ngati tabadwira pomwepo. Ta Alinafe tinakwana pa yachisanu ndi chimodzi. Kenako anatenga ta Olive n'kutilowetsa pa kona yachinayi, anayeza, anayezanso, n'kuchotsa magalasi.

"Mwati kwanu munabadwa angati?"

"Asanu."

"Aiwa. Ine Bizwick ndagwira naye eight years. Sanaikepo Luka patsogolo pa Maliko, not even once. Uyu Olive ndi number four. Inu ndinu number five." Anapukuta manja pa kansanza. "Simbi hainyepi, mukoma. Chitsulo sichinama. Funsani kumudzi."

A Obert atapita, Layton anayalanso maenvelopu opanda kanthu aja pa chitseko, n'kukankhira yake ndi ya Alinafe kumanja. Pakati pa Jerome ndi iye panatseguka mpata. Anaikapo ya Olive. Anakumbukira kuti ana onse a amayi ake anasiyana zaka ziwiriziwiri, koma pakati pa Jerome ndi iye panali zaka zinayi. Zaka makumi anayi ndi ziwiri anakhala akudziwa zimenezo monga munthu amadziwira kuti khomo la kwawo limayang'ana kummawa, osafunsapo chifukwa chake. M'galaja muja, momwe ankaganiza kuti ali awiri, iye ndi malemu, anamva ngati anali atatu nthawi yonseyi.

Mukuganiza kuti anaimba foni tsiku lomwelo? Ayi ndithu, Layton ndi Layton. Anamanganso injini yonse, ulendo uno masabata anayi okha, Olive ali pa malo ake. Tizitsulo take anatimata mafuta mosamala kuposa tonse, ndipo anadzipeza akutiuza kuti, "Pepani, sindinadziwe." A Obert anabwera kudzathandiza kuikweza, anamangirira mawaya, anabweretsa batire ina, kenako anati akukagula ndudu ndipo sanafulumire kubwera. Anali munthu wodziwa nthawi yochoka.

Linali Lamlungu masana, kumayambiriro kwa Epulo, mphepo itagona. Layton anakhala pampando wa dalaivala, kiyi ali m'malo mwake, maenvelopu ali pa mpando winawo. Dzanja linakana kupotoza. Anaona kuti ikakana kulira adzapeza chifukwa china chodikira, ndipo ikalira adzapezanso china. Anatulutsa foni.

Phyllis anayankha. Kenako kunamveka mapazi ake, nkhuku, chitseko, ndi mawu ake akuti, "Amayi, ndi Layton."

"Ndikumva," anatero amayi. Mawu awo anali atachepa kuposa mmene iye ankawakumbukira.

Miyezi yonse ija Layton anakonza mawu ambiri opepesa, za pasipoti, za chidindo, za ntchito. Onse anathawa. "Amayi," anatero, "Olive anali ndani?"

"Olive wake uti?"

Anawafotokozera mosokoneza, za galimoto, za Mateyu ndi Maliko, za maenvelopu. Anati achimwene analemba ana onse monga anabadwira, ndipo pakati pa Jerome ndi iye anaikapo dzina limeneli. Ku Nsipe kunangomveka tambala patali.

"Analibe dzina," anatero amayi pomaliza, pang'onopang'ono. "Anali wamkazi. Anakhala masiku atatu, sanatuluke m'chikuta. Anakamuika ndi amayi okhaokha, m'mamawa, ine ndili gone. Anandiuza kuti mwana wotere samulira, ukalira utseka mimba. Ndiye sindinalire. Bambo ako sanamutchulepo mpaka kufa kwawo. Ine ndimati ndinatsala ndekha womudziwa."

"Achimwene ankamudziwa."

"Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Tinamutumiza kwa azakhali ake kuti asaone kanthu." Anapuma movutikira. "Koma tsiku lachiwiri ndinadzidzimuka ali pakhomo, wathawako. Anamugwira kachala. Ndinamukalipira kuti achoke, amuna saloledwa muno. Sanadzanenepo kanthu moyo wake wonse. Wati analemba kuti chiyani?"

"Olive."

"Olive," anatero amayi, ngati akulawa. Kumene mnyamata wa zaka zisanu ndi chimodzi analitenga dzinalo palibe amene adzadziwe tsopano. "Ndiye kuti anali nalo dzina. Zaka zonsezi mwana wanga anali nalo dzina."

Layton anagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi. "Amayi, ine sindinabwere. Sindinaponye dothi. Ndilibe chonena."

"Mapepalawo uli nawo pompo?"

"Ali pano."

"Werenga. Onse, mmene anawaikira mkulu wako."

Anawatola imodziimodzi, chidindo cha chala cha girisi chili pansi pa chala chake. "Bizwick. Phyllis. Jerome. Olive. Layton. Alinafe." Pa dzina lachinayi mawu anamuthyokera, koma analitchula lonse.

"Chinthucho chimalira?"

"Sindinayese."

"Yesa ndimve."

Anaika foni pa dashibodi n'kupotoza kiyi. Injini inazungulira, inatsokomola, inazunguliranso. Kenako inagwira. Galaja yonse inanjenjemera, utsi woyera wa mafuta odzola aja unatuluka ngati akutentha tchire, ndipo ovolosi pa msomali inavina. Kulira kwake sikunali kwa galimoto imene Layton anamvapo. Kunali kodukizadukiza, kothamanga, ngati mtima wa kamwana ukauika khutu pachifuwa. A Obert anatulukira pakhomo, ndudu ili pakamwa yosayatsa, n'kuvula chipewa.

Layton anatenga foni n'kuikanikiza kukhutu. Kupyola phokoso lonselo anamva amayi ake akulira. Sikunali kulira kwa munthu wokalamba kobisa m'chitenje. Anali maliro enieni, okweza, oitana mayina, ndipo ankaitana awiri. Kumbuyo kwawo Phyllis ankafunsa mwamantha kuti chachitika n'chiyani, Olive ndi ndani. Layton naye analira, koyamba chichokere kangolo kaja pa maloboti, pakamwa pali yasa ngati mwana.

Utsi unadzaza galaja mpaka maso kuwawa. Anatambasula dzanja kuti azimitse, amve bwino zimene amayi akunena.

"Layton," anatero amayi pakati pa kulira, ndipo aka kanali koyamba kumutchula dzina m'miyezi khumi. "Usazimitse, mwanawe. Isiye ilire."